Mwana Wachisanu ndi Chimodzi wa Nangozo

Tsiku limene anzanga ananditsanzika pa sukulu yanga yomaliza, kufupi ndi Dzaleka, iwe Chikondi unandifunsa funso limene sindinaliiwale. Unati, "Adadi, zaka makumi atatu zonsezi bwanji simunachokeko mu Sitandade 1? Anzanu amene munayamba nawo ambiri anakhala mahedi." Ndinakuyankha zoseka chifukwa panali anthu, koma yankho lenileni lilipo, ndipo ndalilemba muno kuti iwe ndi abale ako mulidziwe. Mwayi wochoka m'kalasi ya ana unandipeza kamodzi kokha. Ndinaugwira m'manja, kalata yake ndinaiwerenga mpaka kuiloweza, kenako ndinautaya ndekha popanda wondikakamiza. Amayi anu akakwiya amaikumbutsabe nkhaniyi, ndipo sindiwatsutsa.

1994: Kuseri kwa Mtengowanthenga

Ndinayamba ntchito chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ana anasefukira m'masukulu, aphunzitsi anachepa, ndiye ife amene tinali ndi satifiketi ya Fomu 4 anatitola, kutiphunzitsa masabata owerengeka, n'kutiponya m'makalasi. Ine ananditumiza ku sukulu ina kuseri kwa Mtengowanthenga. Ndinafika nditavala tayi wa bambo anga, mtima uli dyokodyoko, ndikudziona kale nditaima kutsogolo kwa Sitandade 8 ndi choko m'manja. Mphunzitsi wamkulu anali a Kamwendo, bambo wamfupi amene wezulo sinkachoka m'khosi mwake. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka ku tayi, n'kuti, "Mwabwera bwino a Phiri. Mutenga Sitandade 1B." Ndinati, "Ahedi, ine masamu ndinakhoza bwino kwambiri. Ndimaganiza za makalasi akumtunda." Iwo anati, "Ndiye bwino lomwelo. Masamu amayambira pa chimodzi." Anaimba wezulo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mkuyu, ndipo bolodi tinkalipachika pa msomali. Ana anali chinamtindi, oposa zana, ena ovala malaya a akulu awo ofika m'mawondo. Polemba mayina sitinkafunsa chaka chobadwa chifukwa makolo ambiri sankachidziwa. Mwana ankadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali inayo. Akaligwira, walowa. Akalephera, abwere chaka chamawa. Ena ankapendeketsa mutu kuti khutu liyandikire, amayi awo akuwathandiza ndi maso. Choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma, ndipo ana ankalemba pa dothi ndi chala. Ukamaliza kuona ntchito ya mzere woyamba, mphepo inali itafufuta kale ya mzere wachitatu.

Pa nkhani ya manambala ndi pamene ndinaphunzira kuti mutu wa mwana si botolo loti ungothiramo madzi. Ana onse ankabwera akudziwa kuimba "wani, thuu, firii" mpaka "teni", chifukwa ankamva kumsika ndi kumpira. Koma ukaika zitsekerero za mabotolo zisanu ndi ziwiri pansi n'kufunsa kuti zilipo zingati, wina ankati "firii", wina "teni", aliyense molimba mtima ngati wamalonda. Kuimba ankatha, kuwerenga ayi. Buku linkafuna kuti adziwenso mawu athu, chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, ndipo mpaka pamenepo zinkayenda chifukwa zala za dzanja limodzi zinkakwana. Mavuto ankayamba pa zisanu ndi chimodzi. Mwana ankati akanena "zisanu ndi", n'kuyang'ana dzanja linalo, zisanu zija waziiwala kale. Ndinkatuma aliyense kubwera ndi timitengo khumi tomanga ndi luzi, ndipo pofika Lachitatu theka la timitengoto linali litathera m'masewero a nkhondo. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinkalalata mpaka mawu kusasa.

Kalasiyo sindinaikonde, ndinene zoona. Ndinkaona ngati ndi ntchito ya amayi, ndipo anzanga akamanditcha "bambo a ana" ndinkaseka nawo koma m'kati mukuwawa. Teremu iliyonse ndinkalemba kalata yopempha thiransifa. A Kamwendo ankaisayina osaiwerenga, ndipo tsiku lina anandifunsa, "Kodi a Phiri, pansi pano pakukuwotchani?" Ndinati ayi. Koma Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kupita kumsewu waukulu kukangoona magalimoto akudutsa, n'kumaganiza za kumene akupita.

1998: M'mapiri a Ntchisi

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ndi kukwatira amayi anu, thiransifa ija inabweradi, koma inabwera chagada. M'malo moyandikira kumsewu, ananditumiza kumapiri a Ntchisi, ku sukulu imene kuchokera pa Malomo unkapalasa njinga maola awiri, theka la ulendowo ukuikankha. Nyumba imene anatipatsa inkadontha pamalo atatu. Mwezi wa Juni nkhungu inkakhala mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana ankafika milomo ili gwagwagwa. Mphunzitsi wamkulu kumeneko anali a Mwale, munthu wodekha mpaka kukutopetsa, amene ankayankha funso lililonse atayamba wapukuta magalasi. Anandilandira ndi mawu akuti, "Mbiri yanu yafika kale kuti ana aang'ono mumawatha." Ndinatsala pang'ono kubwerera pomwepo. Anandipatsa Sitandade 1, koma pano tinali ndi chipinda chenicheni, cha njerwa, chopanda mabenchi.

Makalata anga opempha kusamuka sanaleke. A Mwale, mosiyana ndi a Kamwendo, ankawawerenga mpaka pansi, nthawi zina n'kundikonzera Chingerezi. Ankati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Phiri." Ine ndinkayankha mumtima kuti maso a nkhono sindikuwafuna, ndikufuna Sitandade 8.

1999: Teremu yachiwiri

Chaka chimenecho amayi anu anali oyembekezera, ndipo m'mimbamo munali iwe Chikondi. Chipatala chinali kutali, ndipo nkhani ya kusamuka inasiya kukhala yanga ndekha. Ndiye tsiku lina a Mwale anandiitanira mu ofesi yawo, n'kutseka chitseko. Anati, "Ndikutsineni khutu. Pa sukulu ina ya pa boma pakufunika mphunzitsi wa masamu wa Sitandade 8. Dzina lanu ndalipereka. Mlangizi wa maphunziro abwera Lachinayi la sabata yamawa kudzakuonani mukuphunzitsa, ndipo zimene akalembe ndi zimene zikagamule." Ndinatuluka mu ofesimo miyendo ikuyenda yokha. Sukulu ya pa boma inali ndi nyumba ya malata abwino, mpope pafupi, ndi chipatala choyenda wapansi.

Phunziro la sabata imeneyo linali la malo a zinthu pamzere: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Amene sanaphunzitsepo ana amaganiza kuti n'zophweka. Imikani ana asanu pakhomo, mufunse kuti wachitatu ndani, muona manja atatu akukwera, chifukwa kwa iwo atatu ndi wachitatu ndi chinthu chimodzi. Ndinali nditapeza njira zanga. Ndinkayamba ndi masiku a sabata, poti Lachiwiri ndi Lachitatu ankawadziwa kale. Kenako ndinkawathamangitsa kuchokera pakhomo kukafika pa mtengo wa mango, n'kufunsa amene wafika koyamba, wachiwiri, mpaka womaliza. Koma kwa mlangizi ndinkafuna chinthu chomaliza chokometsera, choti akapita akachikumbukire. Ndinasankha ana asanu ndi mmodzi amene makomo awo ndinkawadziwa, kuti aliyense ndimufunse, "Ndiwe mwana wachingati kwanu?"

Mwa anawo munali kamtsikana kotchedwa Ndaziona, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kochepa thupi, kosalankhulalankhula. Pa kuwerenga kanalibe mnzake. Pamene ena ankakakamira pa zisanu ndi chimodzi, iko kankafika makumi awiri osagwira chala. Amayi ake, a Nangozo, ankagulitsa nthochi m'mphepete mwa bwalo nthawi yopuma, ndipo ndinkadziwa kuti kwawo kuli ana awiri okha, Malita wa Sitandade 5 ndi iyeyo. Lachitatu tinayeserera, ine nditawauza kuti aliyense awerenge ana amene ali pakhomo pawo. Ana asanu anayankha monga ndinkafunira. Nditafika pa Ndaziona anati, "Wachisanu ndi chimodzi." Ndinati, "Iyayi, pamzere pano ndiye ndiwe wachisanu ndi chimodzi, koma kwanu ndiwe wachiwiri. Mawa udzanene kuti wachiwiri, wamva?" Anangoyang'ana pansi, ndipo ine ndinatenga kuti wavomera. Maganizo anga onse anali pa tchati imene ndinali ndisanamalize kujambula.

Mlangizi, mayi Jere, anafika pa njinga yamoto fumbi lili mbuu m'mutu, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi pa mpando umodzi umene tinali nawo. Phunziro linayenda ngati madzi. Ana anaimba, anathamanga, anaimika zitsekerero pamzere, ndipo ndinkaona cholembera cha mayiwo chikuyenda. Ndiye ndinaitana ana asanu ndi mmodzi aja. Woyamba anayankha bwino, wachiwiri bwino, onse asanu bwino. Ndinafika pa Ndaziona ndikumwetulira. "Ndiwe mwana wachingati kwanu?" Anati, "Wachisanu ndi chimodzi." Ndinajambula anthu awiri pa bolodi. "Uyu ndi Malita, uyu ndi iwe. Werenga." Anawerenga, "Mmodzi, awiri." Ndinati, "Eya! Ndiye ndiwe wachingati?" Anati, "Wachisanu ndi chimodzi." Ana anayamba kuseka, ndipo cholembera cha mayi Jere chinaima.

Zimene ndinachita kenako ndi zimene zandivuta kulemba. Ndinatembenukira kalasi n'kunena kuti, "Muthandizeni mnzanu!" Onse anakuwa, "Wachiwiri!" Ndinati abwereze, anabwereza katatu. Ndiye pofuna kuti mlangizi aone kuti ndimadziwa kuseketsa ana, ndinawerama n'kumufunsa, "Nanga anayi enawo ali kuti? Akubisala m'nkhokwe?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ndaziona anayang'ana bolodi, n'kunena motsitsa mawu kwambiri, "Wachiwiri." Ndinati amuwombere m'manja, ndipo anamuwombera.

Mayi Jere anandiyamikira mu ofesi pamaso pa a Mwale. Anati ndimagwiritsa ntchito zinthu zooneka ndipo ana sagona. Koma akukwera njinga yawo anandifunsa, "Kamtsikana kaja, munakafunsa chifukwa chake?" Ndinati kanasokonezeka ndi mzere. Anandiyang'ana pang'ono, n'kuliza njinga. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, ndipo ine tsiku limenelo ndinadya ndikuseka. Sindinganame kuti ndinali mlendo m'dziko muno. Ndinakulira m'mudzi, maliro a ana ndinawaonapo, ndipo dzina la mwanayo lokha likanandiuza kuti pakhomopo panadutsa zinthu. Koma kwathu tinabadwa asanu ndi awiri n'kukula tonse, ndipo mutu wanga unali kale pa boma.

Lachisanu Ndaziona sanabwere. Sabata yotsatira sanabwerenso, ndipo a Nangozo anasiya kudzagulitsa nthochi. Ndinafunsa Malita, anati, "Sakufuna." Ndinati ndipitako, koma sindinapite. Masana alionse ndinkakhala yakaliyakali pakhomo la ofesi kudikira munthu wochokera pa Malomo ndi makalata. Kalata inafika tsiku lotsekera sukulu. Inati ndikayambe ntchito pa boma Lolemba lotsegulira teremu yachitatu. Amayi anu anavina ndi mimba yawoyo, ndipo tsiku lomwelo anayamba kumanga mbale m'zitenje.

Ndikutseka kaundula kuti ndimupereke kwa a Mwale, ndinaona mzere wa Ndaziona uli ndi zizindikiro za kujomba masabata awiri athunthu. Ndinaganiza zopita kukatsanzika n'kumulimbikitsa pang'ono, kuti ndichoke mtima uli myaa. Loweruka masana ndinatsikira kumudzi kwawo. Ndinapeza a Nangozo ali m'chigafa akusankha fodya. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ndipo ndinayamba kufotokoza kuti mwana wawo ndi wanzeru, asakhumudwe ndi kulakwitsa kamodzi. Anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anaika fodya pansi n'kuti, "Aphunzitsi, ine kusukulu sindidapiteko, koma mimba zanga ndimazidziwa." Anatambasula dzanja n'kuyamba kupinda zala. "Woyamba Malita, mukumudziwa. Wachiwiri Yohane, adapita atayamba kale kuyenda. Wachitatu analibe dzina, adapita tisanatuluke m'chikuta. Wachinayi Esitere. Wachisanu Lameki, chikuku. Wachisanu ndi chimodzi ndi uyo mukuti wachiwiriyo." Anatenganso fodya uja, koma sanamusankhe, anangomugwira.

Iwo anapitiriza, mawu awo osakwera. "Kuwerenga kumene mukumutamira nakoko adaphunzirira pamenepa. Amandifunsa mayina awo, ine n'kumamuuza, iye n'kumapinda zala. Tsiku lija adabwera osadya, n'kundifunsa kuti, amayi, kodi aja mumanena aja ngabodza? Mudafunsa ngati akubisala m'nkhokwe. Sali m'nkhokwe aphunzitsi, ali kumsitu uko." Analoza ndi chibwano mitengo ya kumanda kutsidya kwa dambo. Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chiyambire, ndipo sindinawamvenso. Ndinapepesa, ndinapepesanso, n'kupempha kuti amuitane mwanayo. Anamuitana kawiri. Ndinamva kuti ali m'nyumba, koma sanatuluke. A Nangozo anati, "Mudamuseketsa pagulu, ndiye mukufuna kudzapepesa kuseri kuno? Iye akuti m'kalasi muja ana onse akudziwa kuti ngwabodza. Bambo wake akuti asiyeni, azithandiza fodya." Ndinkadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Mwana wa m'mudzi umenewo akasiya sukulu teremu imodzi, sankabwereranso.

Kunyumba ndinawafotokozera amayi anu zonse. Anamva chisoni, misozi inalengeza, koma nditati mwina ndipemphe kuti ndichedwe pang'ono kusamuka, nkhope inasintha. Anati, "Anayi! Mayi mmodzi wataya anayi m'mapiri muno, inu mwamva ndi makutu anu, ndiye mukufuna wanga akhale wachisanu?" Ankanena zoona. Komabe Lachiwiri ndinapalasa njinga mpaka pa boma kukapempha masabata awiri okha. Bambo amene ndinawapeza mu ofesi anandimvetsera bwino, koma anati ana a Sitandade 8 mayeso ayandikira ndipo akhala kale nthawi opanda mphunzitsi wa masamu. "Lolemba lotsegulira mukapanda kufika tiika wina, a Phiri. Pali anthu atatu akudikira malo amenewa." Sindikanawaimba mlandu. Nawonso anali ndi ana awo oti awaganizire.

Tchuthi chimenecho sindinakhale pansi. Ndinkatsegula mabuku a Sitandade 8 kuti ndikonzekere, n'kupeza ndawerenga tsamba limodzi kanayi. Ndinkapita kudimba, n'kubwerako osathirira. Ndinapita kwa a Mwale kuwapempha kuti akadzatsegulira, iwo akauze kalasi kuti mwanayo sanalakwe. Anapukuta magalasi nthawi yaitali, n'kuti, "Ndikhoza kunena. Koma ana adamva inu mukuti wachiwiri, ndipo kwa mwana wa Sitandade 1 mawu a mphunzitsi wake ndiwo lamulo. Komanso wolowa m'malo mwanu sadabwere, kalasi yanu ndiiphatikiza ndi Sitandade 2. Woti azikalondola mwana mmodzi kumudzi palibe." Kenako anawonjezera, "Koma musataye bomwetamweta, pitani. Ana amasiya sukulu chaka chilichonse." Ndinabwerera kwa a Nangozo kawiri. Ulendo woyamba Ndaziona anathawira kudambo atangoona njinga yanga. Ulendo wachiwiri ndinamuona ali m'chigafa, akumanga fodya m'timitolo pambali pa bambo wake, manja ali bii.

Tinali titapangana ndi mwini ngolo kuti Lamulungu lomaliza la tchuthi tikaweruka kutchalitchi atinyamulire katundu mpaka pa Malomo. Mu tchalitchimo ulaliki sindinaumve. Zimene zinkamveka m'mutu mwanga ndi mawu anga omwe, akubisala m'nkhokwe, ndi chiseko cha ana. Musaganize kuti bambo anu anali munthu wachifundo chapadera. Ndinkafunitsitsa kupita, ndipo ndinkadziuza kuti mwana ngwa eni. Koma ndinaona kuti ndikakwera ngoloyo, mawu amenewo akwera nane, ndipo ndidzaima kutsogolo kwa Sitandade 8 ndikuwamvabe. Ngolo itafika ndinauza amayi anu kuti ine sindipita. Ndinati mwayi wina udzabwera, ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo. Iwo sanalalate. Anasankha chikwama chawo ndi beseni pa mulu wa katundu, anakwera ngolo yomweyo, n'kupita kwa amayi awo kufupi ndi Mtengowanthenga kukadikirira kumeneko. Iwe unabadwira kumeneko bwinobwino, koma ine ndinamva patapita masiku atatu, ndipo amayi ako anabwerera kumapiri uli ndi miyezi inayi.

Mwayi wina uja sunabwere. Ndinalembanso makalata zaka zingapo, koma kulikonse kumene ananditumiza, ku Ntchisi ndi ku Dowa, mbiri inkafika ine ndisanafike kuti uyu ndi wa ana aang'ono. Kenako ndinaleka kulemba.

1999: Teremu yachitatu

Lolemba lotsegulira, a Mwale atandiona pa mzere wa aphunzitsi anangopukusa mutu. Ndinalowa m'kalasi maso ali pakhomo. Ndaziona sanabwere. Lachiwiri sanabwere. Lachitatu tinamva kuti pa boma paja aikapo kale munthu wina, ndipo tsiku limenelo ndinakalipira ana popanda chifukwa mpaka wina analira. Ndinkabwerera ku nyumba yopanda munthu, mbale zikadali m'zitenje, n'kumadzifunsa ngati pali chitsiru china m'mapiri onsewo choposa ine, chotaya ntchito ndi mkazi chifukwa cha mwana amene sakubweranso. Masana alionse ndikaweruka ndinkatsikira kumudzi kuja. Ndinasiya kumuitanitsa. Ndinkangokhala pa mphasa, kucheza ndi bambo wake za mitengo ya fodya, n'kunena mokweza kuti mawu anga ndikawanenera m'kalasi tsiku limene mwini wake adzakhalepo. Bamboyo tsiku lina anandifunsa, "Kodi si inu munkasamuka?" Ndinati ndasintha maganizo. A Nangozo anamva, ndipo mawa lake anabweranso ndi nthochi zawo kusukulu.

Lachinayi la sabata yachiwiri, titayamba kale phunziro, Malita anafika pakhomo atamugwira dzanja mng'ono wake, anamukankhira m'kati, n'kuthamangira ku kalasi yake. Ndaziona anakhala pansi pafupi ndi khomo, ngati munthu woti akafuna athawe. Kuyambira tsiku limenelo sanajombenso, ndipo Sitandade 8 anaimaliza pa sukulu yomweyo ine nditachokako kale. Koma m'mawa umenewo zimenezo sindinkazidziwa. Ndinauza ana kuti aike timitengo pansi. Ndinati, "Mukukumbuka tsiku limene kunabwera mayi a njinga yamoto?" Anati eee. "Tsiku limene lija ndinalakwa ndine. Ndaziona ananena zoona. Kwawo anabadwa asanu ndi mmodzi, anayi anamwalira, ndipo iye ndi wachisanu ndi chimodzi. Ine ndinawerenga amene ndimawaona okha, n'kukuuzani kuti mumuseke. Pepa, Ndaziona." Ana amenewo anali asanamvepo mphunzitsi akupepesa, ndipo ena anayang'ana pakhomo ngati kuti a Mwale abwera kudzandikwapula.

Ndinamufunsa mofatsa ngati angafune kuyankhanso funso lija. Sanaimirire. Anatulutsa dzanja m'chitenje chimene anafunda, n'kuyamba kupinda zala, akutchula mayina motsitsa. Pa chala chachitatu sanatchule kanthu, anangochipinda n'kudikira pang'ono. Atamaliza dzanja lonse anatukula chala chimodzi cha dzanja linalo, n'kuti, "Ine." Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti amuwombere m'manja, koma ndinadzigwira.

Ndinatembenuka kuti tibwerere ku timitengo, ndipo ndinamva mawu kumbuyo. "Aphunzitsi." Anali Josofati, mmodzi mwa ana asanu amene anayankha bwino pamaso pa mlangizi, amene ananena momveka kuti ndi woyamba. Anati, "Inenso sindine woyamba. Ndine wachitatu." Ndinamufunsa chifukwa chimene sananene tsiku lija. Anati, "Munati tiwerenge amene ali pakhomo." Asanakhale pansi, kamtsikana kena kanakweza dzanja. "Ine wachinayi, osati wachiwiri." Kenako dzanja lina linakwera pakati, lina kumbuyo, lina pafupi ndi bolodi, ana amene ndinawaphunzitsa miyezi isanu ndi itatu ndikuganiza kuti makomo awo ndikuwadziwa. Ndinaika choko pansi n'kuyamba kuwafunsa mmodzimmodzi, aliyense akupinda zala zake. Belu la nthawi yopuma linalira, Sitandade 2 inatuluka ikukuwa, koma mwa ana anga palibe anadzuka, ndipo manja ena anali akadali m'mwamba kudikira kuti ndiwafike.